Anthu angapo pa kompyuta imodzi nthawi imodzi: kuyerekeza njira zolowera muli kutali

Kawirikawiri kompyuta yamphamvu imakhala imodzi, koma oifuna amakhala ambiri. Mwina ndi momwe muli pulogalamu yowerengera ndalama yomwe laisensi yake inamangiriridwa ku makina amenewo, kapena ndi yokhayo yokhala ndi RAM yokwanira kutsegula zojambula zikuluzikulu. Ndiye pamabwera ganizo lakuti aliyense azilowamo kuchokera pa laputopu yake kudzera pa Remote Desktop, pulogalamu ya Windows yolowera m'kompyuta ina muli kutali. Woyamba amalowa bwinobwino. Wachiwiri akangoyesa, Windows imamuchenjeza kuti muli kale munthu wina, ndipo akapitiriza mnzakeyo achotsedwa. Uja ali mkatiyo amaona uthenga womupatsa masekondi 30 oti akane. Akapanda kuyankha, mwina wapita kukamwa madzi, amabwerera n'kupeza atatulutsidwa.

Ambiri amaganiza kuti makina ndi amene alephera, koma si choncho. Windows 10 ndi Windows 11, mitundu ya Pro, Enterprise ndi Education, imalola munthu mmodzi yekha kugwira ntchito pa nthawi, kaya wakhala pa kiyibodi kaya walowa ali kutali. Mtundu wa Home sulola n'komwe kuti wina alowemo pa RDP, njira yolumikizirana yomwe Remote Desktop imagwiritsa ntchito. Malirewa anaikidwa mwadala ndipo ndi nkhani ya laisensi. Umboni wake ndi wakuti munthu amene wachotsedwa uja mapulogalamu ake satsekeka, amapitiriza kuyenda kumbuyo. Kompyutayo ikutha kusenza masesheni awiri, kutanthauza anthu awiri olowa aliyense ndi desikitopu yake, koma yaletsedwa kuti onse awiri aziona ndi kugwira nthawi imodzi. Choncho posankha njira, mphamvu ya makina ndi funso laling'ono. Funso lalikulu ndi lakuti mulipira ndi chiyani, chifukwa njira iliyonse ili ndi mtengo wake: ina imadya ndalama, ina imadya nthawi ya amene akusamala makinawo, ina imakuikani pa ngozi.

Kodi mukufunadi masesheni osiyana?

Musanagule kanthu, onani kaye ngati anthuwo akufuna aliyense desikitopu yake, kapena akufuna kuonera limodzi sikirini imodzi. TeamViewer, AnyDesk, RustDesk ndi mapulogalamu ambiri a VNC pa Windows amalola anthu angapo kulumikizana ndi kompyuta imodzi, ndipo izi zimapusitsa ambiri. Onsewo amaona sikirini yomweyo, ndipo mausi ndi imodzi. Zili ngati anthu atatu atagwira chiwongolero chimodzi: wina akakhotera kumanja, onse apita kumanja. Pophunzitsa mnzanu kapena pomukonzera vuto, njirayi ndi yabwino kwambiri ndipo sifuna zambiri. Koma ngati wina akulemba malisiti pamene wina akukonza lipoti, njirayi iiwaleni.

Palinso msampha wina wofala. Mu Group Policy, momwe mumaikidwa malamulo oyendetsera Windows, muli zosankha ziwiri zomwe mayina ake amalonjeza zambiri, china chokhudza chiwerengero cha olumikizana, china chokhudza kuti munthu mmodzi akhale ndi sesheni imodzi yokha. Anthu amazisintha, n'kuyatsanso kompyuta, n'kupeza kuti palibe chasintha. Zosankhazi zimagwira ntchito pa Windows Server, mtundu wa Windows wopangidwira maseva. Pa Windows ya pa desiki malire ali kwina, mu fayilo yotchedwa termsrv.dll, ndipo Group Policy safikako.

Kusintha termsrv.dll ndi RDP Wrapper

Njira imeneyi ndi yomwe anthu amaipeza koyamba akafufuza, chifukwa ndi yaulere ndipo imatheka m'mphindi zochepa. Fayilo ya termsrv.dll imakhala mu C:\Windows\System32, ndipo ndi imene imayang'ana mtundu wa Windows n'kugamula kuti masesheni akhale angati. Pali njira ziwiri zoizembera. Yoyamba ndi kutsegula fayiloyo ndi pulogalamu yosinthira ma byte, n'kusintha pamalo pomwe chigamulocho chimapangidwira. Yachiwiri ndi RDP Wrapper Library, yomwe sikhudza fayiloyo koma imaima pakati pa fayiloyo ndi mbali ya Windows yomwe imaidzutsa, n'kumasintha mayankho fayiloyo ikalowa kale mu RAM. Mwa ziwirizi, yachiwiri ndi yaukhondo, chifukwa mukaichotsa zonse zimabwerera m'malo mwake.

Imagwiradi ntchito, sindikana. Anthu atatu kapena anayi amalowa, aliyense ndi akaunti yake ndi desikitopu yake. Vuto limayamba pa apudeti yotsatira. Microsoft imatulutsa maapudeti a chitetezo Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo ena mwa iwo amabweretsa termsrv.dll yatsopano. Ngati munasintha fayilo yeniyeniyo, zosinthazo zafufutika. Ngati muli ndi RDP Wrapper, imadalira fayilo ya rdpwrap.ini momwe munalembedwa malo enieni oti isinthe pa mtundu uliwonse wa termsrv.dll. Mtundu watsopano ukapanda kupezekamo, pulogalamu yoyendetsera imangolemba kuti "not supported", ndipo mwabwerera pa munthu mmodzi. Nthawi zina Remote Desktop imasiyiratu kuyankha, ndipo ngati kompyutayo ili kutali ndi inu, wina ayenera kupita kukaikhalira patsogolo.

Mtundu womaliza wa RDP Wrapper womwe mwini wake anatulutsa ndi 1.6.2, wa m'chaka cha 2017. Kuchokera pamenepo, mafayilo atsopano a rdpwrap.ini amachokera kwa anthu odzipereka osiyanasiyana. Ndiye taganizirani: pa kompyuta yomwe muli mabuku a ndalama a kampani, mukuika fayilo yochokera kwa munthu amene simukumudziwa, kuti isinthe mbali ya Windows yomwe imalandira anthu ochokera pa netiweki. Mapulogalamu ambiri a antivayirasi amaigwira RDP Wrapper ngati chinthu chokayikitsa, mwa zina chifukwa akuba a pa intaneti amaigwiritsanso ntchito kuti azilowa m'makompyuta mwini wake osaona chizindikiro chilichonse. Kuti iyende, mumakakamizika kuuza antivayirasi kuti isayang'ane foda imeneyo.

Choipa kuposa zonsezi ndi khalidwe lomwe njirayi imabala. Munthu akavutika kawiri katatu ndi maapudeti, amangowatseka. Kompyuta yomwe ikulandira anthu pa RDP koma yosalandira maapudeti ndi yoopsa kwambiri. Mu May 2019 kunadziwika chiboo cha BlueKeep, CVE-2019-0708, chomwe chinkalola munthu kulanda kompyuta kudzera pa RDP popanda pasiwedi. Chinali chachikulu moti Microsoft inatulutsa chigamba ngakhale cha Windows XP ndi Windows Server 2003, zomwe inali itasiya kale kuzisamala. Mbali imeneyi ya Windows si yoti muziisiya kumbuyo.

Pa laisensi palibe chokambirana. Malamulo a Windows ya pa desiki amati munthu mmodzi yekha ndi amene angaigwiritse ntchito pa nthawi, ndipo amaletsa kuzemba malire omwe anaikidwa mu pulogalamuyo. Wina anganene kuti palibe amene adzabwere kudzaona, ndipo mwina n'zoona pa kompyuta ya kunyumba yoyeserapo zinthu. Koma kampani yomwe imafufuzidwa mabuku, kapena yomwe imasunga zinsinsi za makasitomala, sifunika kumanga ntchito yake pa chinthu chomwe singathe kuchifotokoza poyera. Ine ndimaiona njirayi ngati yophunzirirapo momwe Windows imayendera, osati yodalira pa ntchito ya anthu.

Pali mapulogalamu ogulitsidwa monga TSplus ndi Thinstuff XP/VS omwe amachita zofanana, koma ali ndi kampani kumbuyo kwake yomwe imawakonza maapudeti akasintha zinthu. Izi zimachotsa vuto la mafayilo ochokera kwa anthu osadziwika. Sizichotsa funso la laisensi ya Microsoft, chifukwa ndalama yomwe mwalipira kampani inayo siisintha malamulo a Windows yomwe ili pansi pake. Werengani bwino gawo limeneli musanasaine.

Windows Server ndi Remote Desktop Services

Iyi ndi njira yomwe Microsoft inakonzera ntchitoyi, ndipo ndi yakale. Inayamba mu 1998 ndi Windows NT 4.0 Terminal Server Edition, yomwe inamangidwa pa luso lochokera ku Citrix. Dzina la Terminal Services linasintha kukhala Remote Desktop Services (RDS) pa Windows Server 2008 R2. Windows Server sifuna makina apadera a m'chipinda cha maseva, imatha kuikidwa pa kompyuta yamphamvu ya pa desiki bola madiraiva a zipangizo zake apezeke. Pamenepa yesani kaye, chifukwa makadi ena a netiweki opangidwira makompyuta wamba alibe madiraiva ovomerezeka a Server.

Mukangoiika, Windows Server imalola masesheni awiri nthawi imodzi popanda laisensi ya RDS. Anthu ena amaima pomwepa n'kumati zatheka. Koma masesheni awiriwa ndi oyendetsera sevayo, osati oti ogwira ntchito azilemberamo makalata tsiku ndi tsiku. Kuti anthu azigwiramo ntchito, mumaika gawo la Remote Desktop Session Host pamodzi ndi la Remote Desktop Licensing, kenako mumagula ma RDS CAL, omwe ndi malaisensi olola munthu kapena chipangizo kulowa pa sevayo muli kutali. Mumapatsidwa masiku 120 oyeserera opanda ma CAL. Masiku amenewa ndi amene amagwetsa anthu ambiri: zonse zimayenda bwino kwa miyezi inayi, aliyense waiwala, ndipo m'mawa wina palibe amene akutha kulowa.

Ndalama zake zili m'magawo atatu, ndipo wogulitsa akakutchulirani limodzi lokha, mufunseni za ena awiriwo. Pali laisensi ya seva yeniyeniyo, yomwe kuyambira pa Windows Server 2016 imawerengedwa pa ma core a purosesa, ndipo ochepetsetsa omwe mungalipire ndi 16 pa seva imodzi ngakhale makina anu atakhala ndi 8. Pali Windows Server CAL ya munthu aliyense kapena chipangizo chilichonse. Ndiye pamwamba pake pamabwera RDS CAL. Imeneyi mumasankha ya pa munthu kapena ya pa chipangizo. Ya pa munthu imathandiza ngati munthu mmodzi amalowa pa laputopu, pa foni ndi pa kompyuta ya kunyumba. Ya pa chipangizo imathandiza ngati anthu amasinthana pa makompyuta ochepa, monga ogwira ntchito usana ndi usiku. Ngati mulibe Active Directory, yomwe imasunga maakaunti a netiweki yonse pamalo amodzi, ndipo seva yanu ili mu workgroup, momwe kompyuta iliyonse imasunga maakaunti ake, ma CAL oyenera ndi a pa chipangizo. Dziwaninso kuti CAL imawerengedwa pa anthu onse omwe amalowa, osati pa omwe alowa nthawi imodzi. Anthu khumi omwe amalowa atatuatatu amafunikabe ma CAL khumi a pa munthu.

Mapulogalamu nawonso ali ndi malamulo awo. Office yomwe inabwera ndi laputopu kapena yogulidwa payokha siloledwa pa seva ya RDS. Pamafunika laisensi ya volume, kapena Microsoft 365 Apps yokhala ndi shared computer activation (yolola anthu angapo kugwiritsa ntchito Office pa kompyuta imodzi), yomwe imapezeka m'mapulani ena okha monga Business Premium ndi a enterprise. Pulogalamu ija yomwe yachititsa zonsezi, ya maakaunti kapena yojambulira, funsani oipanga ngati imalola kuyenda pa Windows Server komanso kutsegulidwa ndi anthu angapo nthawi imodzi. Ena amaletsa m'malamulo awo, ena pulogalamu yawo imangokana kutseguka kachiwiri, ena amasunga zosankha za munthu mu fayilo imodzi moti anthu awiri amafufutirana. Masiku 120 aja agwiritseni ntchito poyesa zimenezi musanagule CAL ngakhale imodzi.

Mukalipira zonsezi mumapeza chiyani? Maapudeti amabwera ndipo palibe chimasweka chifukwa cha iwo mwadala. Mumatha kuika nthawi yoti sesheni yosiyidwa itsekedwe yokha. Woyang'anira amatha kuona omwe alowa polemba quser, kutulutsa munthu amene sesheni yake yauma, kapena kuona sikirini ya munthu amene akufuna thandizo. Pali RemoteApp, yomwe imatumiza windo ya pulogalamu imodzi yokha m'malo mwa desikitopu yonse, ndipo kwa ofesi yomwe vuto lake ndi pulogalamu imodzi, imeneyi ndi yabwino kwambiri chifukwa anthu sasokonezeka ndi madesikitopu awiri. Ndipo Windows imodzi imagawidwa kwa onse, choncho RAM yambiri imapita ku mapulogalamu a anthu.

Kale kunali Windows MultiPoint Server, yomwe inatuluka mu 2010 ndipo inkakondedwa m'masukulu, kenako inasanduka gawo la Windows Server 2016. Mukaona malangizo akale oitchula, dziwani kuti m'mitundu yatsopano mulibemo.

Linux, komwe malirewa kulibe

Unix inabadwa ngati makina a anthu ambiri, ndipo Linux inatengera zomwezo. Palibe fayilo yoti muzembe ndipo palibe CAL yoti mugule. Pa Debian kapena Ubuntu mumaika xrdp pamodzi ndi xorgxrdp, mapulogalamu olandira anthu pa RDP, mumapanga maakaunti, ndipo aliyense amalowa ndi Remote Desktop Connection yomweyo ya pa Windows yake, pa port 3389, khomo la pa netiweki lomwe RDP imadutsira. Munthu aliyense amapeza desikitopu yake. Akadula kulumikizana n'kubweranso, amapeza ntchito yake ili pomwe anaisiya. Malire ake ndi RAM ndi purosesa basi.

Zovuta zilipo, koma ndi za mtundu wina. Chodziwika kwambiri ndi sikirini yakuda: munthu akalowa pa kiyibodi ya kompyutayo n'kuyesanso kulowa ndi akaunti yomweyo pa xrdp, kawirikawiri amaona mdima kapena amatulutsidwa nthawi yomweyo, makamaka pa desikitopu ya GNOME, chifukwa masesheni awiri a munthu mmodzi amalimbirana zinthu zomwe zinapangidwa kuti zikhale chimodzi pa munthu aliyense. Mankhwala ake ndi osavuta: tulukani kaye pa kompyutayo, kapena khalani ndi akaunti ina yolowera muli kutali. Pa Ubuntu anthu amakumananso ndi timauthenga topempha pasiwedi ya woyang'anira akangolowa, tomwe timathetsedwa polemba lamulo la polkit, mbali ya Linux yopereka zilolezo. Mawu, maikolofoni ndi mapirinta zimafuna kukonza kwapadera, pamene pa Windows Server kawirikawiri sizivuta. Desikitopu yopepuka ngati XFCE kapena MATE imathamanga bwino pa xrdp kuposa GNOME kapena KDE, ndipo imasiyira anthu RAM yambiri.

GNOME 46, yomwe inatuluka mu March 2024 ndipo ndi imene ili mu Ubuntu 24.04, inabweretsa njira yakeyake yolowera pa RDP kuyambira pa sikirini yolembapo pasiwedi, ndipo imayenda pa Wayland, njira yatsopano yoonetsera zinthu pa sikirini. Izi n'zofunika chifukwa xrdp imadalira njira yakale ya X11, yomwe madesikitopu akuluakulu akuisiya pang'onopang'ono. Palinso X2Go, yomwe imadutsa mu SSH ndipo imapirira intaneti yofooka, koma imafuna pulogalamu yake pa chipangizo cha wolowayo ndipo sigwirizana bwino ndi madesikitopu amakono. TigerVNC imatha kupatsa munthu aliyense desikitopu yake, woyamba pa port 5901, wachiwiri pa 5902, koma kuyendetsa zimenezi pamanja kumatopetsa anthu akachuluka. Kwa oyamba kumene, xrdp ndi XFCE ndi poyambira pabwino.

Funso lomwe limagamula njirayi ndi limodzi: kodi ntchito ya anthuwo imatheka pa Linux? Ngati amagwira ntchito mu browser, pa LibreOffice, polemba mapulogalamu, pa R kapena Python, sindikuona chifukwa cholipirira ma CAL. Koma ngati cholinga chonse ndi pulogalamu ya Windows, musadzinamize ndi Wine, yomwe imayendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux. Mapulogalamu ena amayendadi pa Wine, koma mabuku a ndalama si malo oyesera mwayi, ndipo oipanga pulogalamuyo sadzakuthandizani zikavuta.

Mac nayonso imatha zimenezi pang'ono. Kuyambira pa OS X Lion ya 2011, Screen Sharing imalola munthu wina kulowa mu akaunti yake pamene mwini wake akugwira ntchito pa sikirini yeniyeni. Kwa anthu awiri pa Mac imodzi n'zokwanira, koma si maziko omangapo ofesi.

Kugawa makinawo kukhala makompyuta angapo

Njira ina ndi yosalimbana ndi malire n'komwe. Ngati Windows imodzi imalola munthu mmodzi, ikani ma Windows angapo. Pa kompyuta yamphamvuyo mumaika Proxmox VE kapena Hyper-V, n'kupanga virtual machine (VM) ya munthu aliyense, yomwe ndi kompyuta yoyerekezera yoyenda m'kati mwa yeniyeniyo, ndipo aliyense amalowa pa RDP mu yakeyake. Ubwino wake waukulu ndi mpanda womwe umakhala pakati pa anthu. Wina akatsegula fayilo ya kachilombo, kapena akaika pulogalamu yomwe yasokoneza zinthu, anzake sakhudzidwa. Aliyense angathe kukhala woyang'anira wa makina ake, angayatsenso nthawi yomwe akufuna, ndipo snapshot, kope la momwe VM inalili pa nthawi ina, imabweza zinthu m'mbuyo m'mphindi zochepa. Mapulogalamu okana kutsegulidwa kawiri sadziwa kuti pali wina, ngakhale laisensi yawo mudzailipirabe pa makina aliwonse.

Mtengo wake ndi RAM ndi disiki. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, disiki ya 64 GB ndi TPM 2.0, ndipo pa ntchito yeniyeni 8 GB ndi pomwe munthu amayamba kupuma bwino. Anthu asanu ndiye kuti 40 GB yapita musanawerengere hypervisor, pulogalamu yoyendetsa ma VM ija. Muzisamalanso ma Windows asanu m'malo mwa imodzi, aliyense ndi maapudeti ake. Laisensi nayo ndi yokhotakhota: VM iliyonse imafuna yake, laisensi yomwe inabwera ndi kompyutayo sigawidwa, ndipo malamulo a Microsoft olowera pa Windows ya pa desiki yomwe ili mu VM, omwe amakhudza Software Assurance ndi laisensi ya VDA, ndi oti mufunse wogulitsa wovomerezeka akulembereni yankho. Kwa anthu awiri kapena atatu omwe ntchito zawo ndi zosiyana kwambiri, ma VM ndi abwino. Anthu akamachuluka ndipo onse akugwiritsa ntchito mapulogalamu ofanana, RDS imayamba kupambana.

Ngati chomwe anthu akufuna ndi khadi ya zithunzi, samalani kwambiri. Kupereka khadiyo (GPU) ku VM mwachindunji kumatanthauza kuti khadi imodzi yapita kwa munthu mmodzi. RemoteFX vGPU, yomwe inkagawa khadi imodzi pa Hyper-V, Microsoft inaichotsa mu 2021 chifukwa cha ziboo za chitetezo. Pa RDS masesheni onse amatha kugawana khadi imodzi mukayatsa chosankha chake mu Group Policy. Komabe RDP mwachibadwa imatumiza zithunzi pafupifupi 30 pa sekondi, zomwe zimakwanira ntchito ya mu ofesi koma zimakhumudwitsa wokonza mavidiyo.

Za mumtambo ndingonena mwachidule, chifukwa zimachoka pa funso la kompyuta yomwe muli nayo kale. Windows 11 Enterprise multi-session ndi Windows ya pa desiki yomwe imaloladi anthu ambiri nthawi imodzi movomerezeka, koma imaloledwa mu Azure Virtual Desktop, yomwe inayamba mu 2019 ndi dzina la Windows Virtual Desktop. Kuiika pa makina a pansi pa desiki yanu sikuloledwa. Windows 365, ya 2021, imapatsa munthu aliyense kompyuta yake mumtambo pa malipiro a mwezi ndi mwezi. Zonse ziwiri zimafuna intaneti yodalirika nthawi zonse, ndipo kompyuta yamphamvu ija imangokhala osagwira ntchito yomwe munaifunira.

Ndikanakhala kuti ndikusankhira ofesi ya anthu asanu ndi mmodzi omwe amadalira pulogalamu imodzi ya Windows, ndikanatenga Windows Server ndi RemoteApp, nditatsimikiza kaye kuti pulogalamuyo ikulola. Kwa gulu la olemba mapulogalamu kapena ophunzira, Linux ndi xrdp. Ndipo ngati anthu ndi awiri okha, ndikanawerengera kaye mtengo wa kompyuta yachiwiri, chifukwa laisensi ya seva ndi ma CAL zikaphatikizidwa zimatha kuposa pamenepo. Nthawi zinanso vuto lenileni ndi lakuti mafayilo ali pa makina amodzi, ndipo pulogalamuyo ili ndi mtundu wa pa netiweki womwe umalola aliyense kuiika pa kompyuta yake n'kumalumikizana ndi database imodzi. Zikatero masesheni angapo safunikanso.

Zoyenera kukonza mosatengera njira yomwe mwasankha

Port 3389 musaitsegule ku intaneti. Pali makina omwe ntchito yawo ndi kufufuza port imeneyi usana ndi usiku n'kumayesa mapasiwedi, ndipo magulu a ransomware, omwe amatseka mafayilo n'kufuna dipo, akhala akulowera pamenepa kwa zaka zambiri. Kusintha nambala ya port kumangochepetsa phokoso m'malogi, sikuteteza. Ikani patsogolo VPN, njira yobisika yolowera pa netiweki yanu, monga WireGuard kapena Tailscale yomwe inamangidwa pa WireGuard, kapena RD Gateway yomwe imakulunga RDP mu HTTPS pa port 443. Apache Guacamole ndi njira ina: anthu amalowa kudzera mu browser, ndipo mungaikepo chitsimikizo chachiwiri cha pa foni. Network Level Authentication, yomwe imafuna pasiwedi sesheni isanatsegulidwe, ikhale yoyatsa, ndipo akaunti izitsekeka munthu akaphonya pasiwedi kangapo. Windows 11 kuyambira pa 22H2 imabwera ndi lamulo lotseka akaunti kwa mphindi 10 pasiwedi ikaphonyedwa ka 10, koma onetsetsani kuti pa makina anu lilipodi. Ngati makinawo akadali pa Windows 10, kumbukirani kuti maapudeti ake aulere a nthawi zonse anatha pa 14 October 2025.

Aliyense akhale ndi akaunti yake, ndipo pa RDS kapena pa Linux asakhale woyang'anira. Pa makina ogawana, woyang'anira mmodzi wosasamala amaona mafayilo a onse ndipo angathe kuzimitsa kompyuta anzake ali pakati pa ntchito. Batani lozimitsira libiseni mu Group Policy, ndipo tsekani zoti kompyuta izigona yokha. Disiki ikhale ya SSD, chifukwa anthu angapo akamawerenga ndi kulemba nthawi imodzi, disiki yozungulira ndi imene imayamba kulira purosesa isanatope. RAM iwerengereni poyang'ana browser, pakuti matabu makumi awiri a munthu mmodzi amadya kuposa pulogalamu yomwe munagulira makinawo.

Phunzitsani anthu kusiyana kwa kutseka windo ndi kutuluka. Munthu akadina X pa Remote Desktop, sesheni yake imatsala yamoyo, ikugwirabe RAM ndi mafayilo omwe anatsegula, ndipo mnzake akafuna fayilo yomweyo amauzidwa kuti ili m'manja mwa wina. Ikani malire akuti sesheni yosiyidwa itsekedwe pakapita maola angapo, koma auzeni anthu kaye, chifukwa ntchito yosasungidwa imapita nayo limodzi. Gwirizananinso za usiku womwe makina aziyatsidwanso polandira maapudeti. Ndipo popeza ntchito ya anthu onse yasonkhana pa makina amodzi, ikani UPS (batire yothandiza magetsi akazima), sungani makope a mafayilo pa chipangizo china, ndipo yesani kubweza fayilo imodzi kuchokera m'makopewo anthu asanayambe kugwirapo ntchito.